Tinalembetsa Mayina Kuti Tikamenye Eveless

1

Dinah anagogoda pageti panga ku Area 47 Lachiwiri m'mawa, dzanja lamanja atalikulunga ndi mpango wa kumutu. Magazi anali atapyola kale mpangowo, akudontha pasimenti.

"Mwatani, asisi?" ndinafunsa ndikumukokera m'nyumba.

"Ndimafuna kumulanda foni. Wandikankha, ndagwera pagalasi la chitseko."

Ndinamukhazika pampando wa kukhitchini n'kutenga beseni la madzi ofunda. Bala linali lalitali, kuchokera pachala chachikulu mpaka pamkono, tizidutswa tagalasi tikuwala mkati. Ndinkazula kamodzikamodzi ndi kachitsulo kozulira nsidze. Dinah sanalire. Ankangoyang'ana khoma, akukukuta mano.

"Amuna anu, a Felton, achita zimenezi?"

"Felton yemweyo. Bwana wa ku Capital Hill, mkulu wa mpingo. Lachinayi lililonse nthawi ya lanchi amasowa ku ofesi. Amabwerako akununkhira sopo wina, osati wa kunyumba kwathu. M'foni muli nambala analemba kuti Makanika. Makanika wake uti woimba foni Lamulungu m'mawa, anthu tikukonzekera za kutchalitchi? Lachinayi lino ndipempha tchuthi, ndimutsatira kuyambira pageti la ofesi. Ndikakamupeza mkaziyo ndikamudula khutu, ndidzabwera nalo kuno mudzalione."

Ndinamanga bandeji molimba.

"Ndi dzanja limeneli simungagwire chiwongolero," ndinatero. "Komanso mukapita nokha akakupwetekani. Dikirani kaye sabata ino. Gulu lathu lili ndi maso ambiri, tauni ino ndi yaing'ono."

Anandiyang'ana, kenako misozi inatsika.

"A Ima, pakanapanda inu ndikanapenga."

Dzina langa ndine Immaculata, ambiri amangoti Ima. Ndinkakongoletsa maholo a maukwati ndi zinkhoswe. Nthawi imeneyo ndinalinso adimini wa gulu la pa WhatsApp lotchedwa Amayi Tadzuka, lomwe ndinaliyambitsa mwamuna wanga Lexon atandigulula dzino n'kuthawira kwa mtsikana wa ku ofesi kwawo. Munali amayi oposa mazana awiri: a m'maofesi a ku City Centre, ochita bizinesi, aphunzitsi, akazi a mabwana. Tinkalangizana za mabanja, kugulitsana zinthu, kupemphererana. Dinah, wa ku Rumphi koma wokhala ku Area 11, ndiye anali mnzanga wapamtima m'gulumo. Ana ake awiri ankanditchula kuti anti.

2

Gulu lathu linali ndi nthenda imodzi. Pafoni tinali aukali, koma tsiku lopangana likakwana aliyense ankapeza chifukwa. Uyu galimoto yafa, uyu apongozi abwera, uyu mutu. Tinapangana zothamanga Loweruka lililonse kuti mimba zichepe. Sabata yoyamba tinalipo khumi ndi awiri, yachitatu ndinaima ndekha pabwalo, botolo la madzi lili m'manja.

Chomwe chinandipsetsa mtima ndi nkhani ya Thokozani, membala wathu yemwe mwamuna wake anamuthyola nthiti ndi mpando. Tinagwirizana kukamuona kuchipatala, kenako tonse tiperekeze nkhani yake kupolisi. Amayi makumi anayi ndi atatu analemba mayina. Tinafika atatu: ine, Dinah ndi Tamando, mayi wamtali wojintcha yemwe kale ankasewera mpira wamanja. Thokozani ankangoyang'ana kukhomo la wodi, kudikira enawo. Patatha masabata awiri anakathetsa mlandu n'kubwerera kwa mwamuna uja.

Tsiku limenelo ndinajambula mawu, mtima uli m'mwamba, n'kuwaponya m'gulu.

"Kuyambira lero, wolemba dzina pamndandanda n'kusabwera ndimuchotsa, ndipo ndilengeza dzina lake onse amve. Ngakhale mutati maliro, mubweretse umboni. Tatopa ndi amayi a pakamwa."

Sabata yomweyo ndinachotsa amayi khumi ndi mmodzi. Ena anandiimbira akulira, chifukwa makasitomala awo onse anali m'gulumo. Sindinamve. Kuchokera apo anayamba kundiopa, ndipo ine zinkandisangalatsa.

Izi zinachitika kutatsala mwezi umodzi kuti Dinah afike pageti panga ndi dzanja lamagazi lija.

3

Lachinayi, itangokwana thu koloko masana, Dinah anaponya chithunzi m'gulu. Anati chamufika kuchokera pa nambala yachilendo, pamodzi ndi mawu akuti: "Mwamuna wanu ndi uyu. Area 2, shopu ya nsalu ya mayi Nasrin. Mtsikanayo ndi wantchito, dzina lake Eveless. Wokufunirani zabwino."

Pachithunzipo panali galimoto yoyera ya Felton. Iye anali pachiwongolero akumwetulira. Pawindo panawerama mtsikana wowonda wa bulauzi yachikasu, akuseka, kaphukusi kali m'manja, zala za Felton zitakhudza zake.

Foni yanga inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa ndi malungo.

"Kamwana kakang'onong'ono chonchi, kopanda ndi mnofu womwe!"

"Ameneyo ndi wofunika kumeta."

"Tsabola, asisi. Wa kambuzi, m'maso."

"Mumuvule pamsewu, aone anthu chomwe amanyadira."

Ndinkawerenga osayankha. Ndinkaganiza kuti atukwana mpaka madzulo, mawa adzadzuka ndi nkhani ina. Koma isanakwane folo koloko Tamando analemba:

"Loweruka, teni koloko, Area 2. Tikamuphunzitse. Lembani dzina. 1. Tamando."

Dinah anatsatira pomwepo. Kenako wachitatu, wachinayi, wachisanu. Ndinaona kuti zafika poipa.

"Amayi, tiyeni tidekhe," ndinalemba. "Chithunzi chimodzi si umboni. Tiyambe taitana ankhoswe."

"A Adimini, mwayamba liti kuopa?" anayankha Tamando. "Ankhoswe anamuthandiza chiyani Thokozani? Lamulo munaika ndinu: tikapangana, tichite. Kapena lamulolo ndi la ife tokha?"

Zithunzi za m'manja zowomba zinagwa ngati matalala. Kenako foni inalira, anali Dinah.

"A Ima, inu munazula magalasi m'dzanja langa. Lero mukuikira kumbuyo hule?"

"Si choncho, asisi."

"Nanga n'chiyani? Mukumudziwa kapena?"

Ndinafulumira kuyankha.

"Ndingamudziwe bwanji? Ndimangoopa apolisi."

"Ndiye lembani dzina."

Ndinalemba. Ndinali wa nambala seventini. Pofika Lachisanu madzulo mayina anali makumi atatu ndi limodzi, ndipo ine ndinkapempherabe kuti nthenda yathu yakale ibwerere, kuti galimoto zife, apongozi abwere, mitu iwawe.

4

Anabwera amayi makumi awiri ndi awiri. Chiyambire gulu lathu sindinaonepo zotere.

Tinakumana pamalo oimika galimoto kumunsi kwa mashopu a nsalu. Dzuwa linali litayamba kale kuluma. Amayi anatchena ngati akupita kuchinkhoswe, mawigi, magalasi a dzuwa, nsapato za gogoda. Tamando anaitana mayina pafoni ngati mphunzitsi m'kalasi. Wina anatulutsa botolo la madzi ofiira m'chikwama n'kuligwedeza, onse anaseka.

Mayi Nasrin kunalibe. Eveless anali yekha kuseri kwa kauntala, akuyezera gogo wina nsalu ndi ndodo yoyezera. Atationa tikudzaza shopu anamwetulira, poganiza kuti ndi amayi a komiti ya ukwati.

"Takulandirani, amayi. Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndiwe Eveless?" anafunsa Dinah.

"Ndine, amayi."

"Mwamuna wanga umamuyeza ndi ndodo yomweyi?"

Mtsikanayo asanamvetse n'komwe, pama linali litalira. Gogo uja anathawa n'kusiya nsalu yake. Amayi awiri anakankha chitseko n'kuima pamenepo. Tamando anagwira Eveless tsitsi n'kumukoka kudutsa pamwamba pa kauntala, anagwa pansi chagada, mipukutu ya nsalu ikumugwera pamwamba. Ndiye anamuunjikira. Gogoda m'nthiti, gogoda m'mimba, zikwama kumutu. Wina anang'amba bulauzi. Wina anatola sizasi yodulira nsalu n'kuyamba kumumeta mwankhanza, khungu la pamutu likuchekeka, magazi akutsikira m'khutu. Awiri anakwera pamipando akujambula ndi mafoni.

"Sindikuwadziwa abambowo!" ankakuwa. "Ndinangopereka katundu, amayi! Ndinangopereka katundu!"

"Katundu wake ndi ameneyu!" anatero Dinah, n'kumuponda pantchafu.

Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, magalasi a dzuwa ali kumaso, mpango nditaukokera mpaka pachipumi. Sindinamukhudze. Ndinkawerenga mumtima kuti atope tizipita.

Koma pomwe wa botolo uja ankalimbana ndi chivindikiro, amayi anapatuka pang'ono, ndipo Eveless anakweza mutu. Maso ake anadutsa onsewo n'kuima pa ine. Anakwawa pakati pa miyendo yawo, anagwira chitenje changa ndi manja onse awiri.

"Amayi! Inu mukundidziwa ine! Auzeni anzanuwa, auzeni kuti..."

Ndodo yoyezera nsalu ija inali pansi pafupi ndi phazi langa, yamtengo wolimba, nsonga zake zachitsulo. Ndinaitola ndi manja awiri n'kumumenya nayo pakamwa. Kunamveka ngati munthu wathyola nzimbe. Anafunanso kulankhula, ndinamenyanso. Mano awiri anagwera pansalu yoyera. Manja ake anasiya chitenje changa, anagwa chammbali n'kungoti zii, magazi akutuluka m'kamwa ngati pampopi.

Kenako Tamando anaseka.

"Eee, a Adimini! Inu ndiye mwamaliza nkhani."

Wina anaimba nthungululu. Panja mavenda anali atayamba kumenya chitseko. Tinatuluka mokankhana, aliyense kulowera kwake. M'galimoto Dinah anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pake.

"Simunandisiye, a Ima. Sindidzaiwala."

5

Pofika fili koloko kanema uja anali paliponse. Anthu anamulembera mawu pamwamba: "Wolanda amuna wa ku Area 2 waona zakuda." M'gulu lathu munali chikondwerero. Ena omwe sanabwere ankapepesa, kundichonderera kuti ndisawachotse.

Kenako mayi wina wogwira ntchito kuchipatala analemba mzere umodzi: "Mtsikana uja sanatsitsimukebe. Nsagwada yathyoka pawiri."

Chikondwerero chinathera pomwepo. Ndinangoona mayina akutsika pafoni: uje wachoka, uje wachoka, uje wachoka. Tamando analamula kuti aliyense afufute mauthenga, ngati kuti kanemayo anali m'mafoni athu okha.

Ndinatsuka masandasi anga katatu, koma m'mizere ya kuphazi munkatulukabe madzi ofiira. Lamulungu ndinapita ku Misa n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Anthu atadzuka kukalandira Ukaristia, ine ndinatsala pabenchi. Mayi wina wa mumphakati wathu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pafoni yake, n'kusuntha mwana wake kumuchotsa pafupi nane.

Lolemba m'mawa ndikupakira nsalu za ukwati m'galimoto, apolisi awiri anaima pageti. Sanalankhule zambiri. Anatenga ine ndi chikwama changa.

6

Tinagwidwa asanu ndi anayi, omwe nkhope zathu zinkaoneka bwino pakanema. Masana anatilowetsa mu ofesi yaing'ono, anatikhazika pansi motsamira khoma. Wapolisi wofufuza anali mayi wodekha, wolankhula motsitsa. Patebulo pake anayala mafoni athu onse. Pakati pawo panali kafoni kakang'ono kakuda, kamabatani, komwe ndinkakasunga m'thumba lamkati la chikwama changa.

Chitseko chinatseguka, analowa mayi Nasrin, wamfupi, atafunda mpango kumutu, maso atatupa.

"Amayi, mwa awa alipo yemwe mukumudziwa?" anafunsa wapolisi.

Mayi Nasrin sanachedwe. Analoza ine.

"Awa. Agula nsalu kwa ine zaka zisanu. Lachitatu lapitali anabwera, anasankha leyisi yobiriwira, anati abambo adzatenga mawa. Ndinali pomwepo ine. Anamuuza mwana uja kuti akaona galimoto yoyera adzapereke panja, chifukwa abambowo sakonda kulowa m'shopu. Anati, uziwasekerera, ndi munthu wamanyazi."

Dinah anaseka, kuseka kosamvetsa.

"Abambo ake ati? A Ima alibe mwamuna. Mwawasokoneza ndi wina."

Wapolisi anatenga foni ya Dinah, anafufuza uthenga wa chithunzi uja, n'kuimba nambala yomwe inautumiza. Kafoni kakuda kaja kanayamba kulira patebulo, kakuzungulira pang'onopang'ono.

"Kameneka tinakapeza m'chikwama cha mayi Immaculata," anatero wapolisi. "Kali ndi malaini awiri."

Dinah sanandiyang'ane. Anayang'anitsitsa kafoniko.

"Bwana, ndili ndi nambala ina pamtima. Mundiimbireko."

Anatchula manambala limodzilimodzi, ngati mwana wolakatula. Inali nambala ya Makanika. Wapolisi anaimba. Kafoni komwe kaja kanaliranso.

Sindinaone m'mene Dinah anadumphira. Ndinangozindikira mutu wanga wagunda khoma, iye ali pachifuwa panga, dzanja labandeji lija lili pakhosi panga.

"Iwe! Iwe umadya m'nyumba mwanga! Umanyamula ana anga!"

Tamando anandiponda m'nthiti. Apolisi anakoka Dinah miyendo, koma iye anali atandiluma kale khutu lamanzere, ndipo sanasiye mpaka chidutswa chinathothoka. Anachilavulira pasimenti patsogolo panga. Magazi anadzaza m'khosi mwa bulauzi yanga. Sindinakuwe, sindinadziteteze.

7

Tsopano ndikuuzeni zomwe ndakhala ndikuzizemba kuyambira pachiyambi.

Makanika ndinali ine. Zinayamba chaka chimodzi ndi theka m'mbuyomo, tsiku lomwe Dinah anatuma Felton kudzatenga mipando kwathu ya phwando la mwana wawo. Anayamikira maluwa a pakhomo panga, anafunsa ngati sindiopa kukhala ndekha. Chichokereni Lexon panalibe mwamuna yemwe anandifunsapo funso lofatsa. Sabata yotsatira anabweranso, popanda mipando yotenga. Lachinayi lililonse ankasiya galimoto ku Area 2 n'kulowa mu yanga. Sopo yemwe Dinah ankamumva anali wa kubafa kwanga. Madzulo ake ndinkalemba m'gulu malangizo a momwe mkazi angagwirire mwamuna wachimasomaso, amayi n'kumandiyamika.

Tsiku lomwe ndinkazula magalasi m'dzanja la Dinah, iye ankaganiza kuti ndagwidwa ndi chisoni. Anali mantha. Akanamutsatira Felton Lachinayi lija, akanafika pageti panga. Ndinafunika kumupatsa nkhope ina yoti aziida.

Ndinasankha Eveless chifukwa anali wosekaseka, komanso chifukwa analibe aliyense m'tauni muno. Ndinkadziwa kuti kwawo ndi ku Mitundu, kuti ali ndi kamwana kakakazi komwe anakasiya kwa amayi ake, kuti ankayembekezera chinkhoswe ndi kalipentala wina dzina lake Jobu. Iye mwini ndiye ankandiuza zonsezi pondiyezera nsalu. Ndinatuma Felton kuti akanditengere leyisi, iye osadziwa kanthu. Ine ndinaimika galimoto kutsidya kwa msewu, kuseri kwa lole, n'kujambula zithunzi zisanu ndi ziwiri. Ndinasankha chomwe zala zawo zinakhudzana.

Ndinadziuza kuti palibe chomwe chidzachitike. Amayi anga ndinkawadziwa, atukwana basi, Dinah akakalipa kushopuko kamodzi, nkhani itha. Ndinaiwala kuti ndinali nditawachiritsa ndekha nthenda yawo ija.

Musaganize kuti ndinasowa mpata wokonza zinthu. Lachisanu lonse nambala ya shopu ya mayi Nasrin inali m'manja mwanga. Ndinaimba kamodzi, Eveless anayankha, "Halo, amayi a zokongoletsa, leyisi ija yafika?" Ndikanangoti, mawa usapite kuntchito. Mawu atatu okha. Koma ndinaganiza kuti adzafunsa chifukwa, adzauza mayi Nasrin, nkhani idzabwerera kwa ine. Ndinati, "Yafika, zikomo," n'kudula.

Ndipo Loweruka lija sindinapite chifukwa cha lamulo, kapena chifukwa cha Dinah. Ndinapita kukaonetsetsa kuti Eveless asatchule dzina langa. Amayi aja ankamenya munthu yemwe ankaganiza kuti ndi wolakwa. Ine ndekha ndinamenya munthu yemwe ndinkadziwa kuti ndi wosalakwa.

8

Kukhoti ndinavomera mlandu. Anandilamula zaka zitatu kundende, ndinakhala ziwiri. Dinah ndi Tamando anakhala chaka chimodzi, enawo anawapatsa chilango chogwira ntchito kunja. Felton anabwera tsiku limodzi lokha, atavala suti, n'kuuza khoti kuti iye anangotumidwa kukatenga nsalu. Sanandiyang'ane, sanayang'anenso mkazi wake. Dinah ntchito inamuthera, atatuluka anatenga ana n'kupita kwawo. Ndinamva kuti Felton anakwatiranso chaka chisanathe. Nyumba ya ku Area 47 ndinaisiya, pano ndimachita lendi kachipinda ku Area 36, ndimagulitsa mandasi. Palibe mkwatibwi angafune kuti ndimukongoletsere holo.

Mwezi wathawu ndinalimba mtima n'kukwera minibasi ya ku Mitundu. Mayi Nasrin ndi omwe anandilozera, atandiimika panja pa shopu yawo kwa ola lathunthu. Eveless ndinamupeza pakhonde la golosale ina, ali pamakina osokera omwe mayi Nasrin anamupatsa. Kukamwa kwake kunapotokera kumanzere. Khutu limodzi silimva. Atandiona anasiya kupalasa makina.

Ndinagwada pafumbi.

"Dzukani," anatero. Mawu ake ankatulukira mbali imodzi, movutikira. "Mukundithamangitsira makasitomala."

Ndinadzuka. Ndinayamba kunena zomwe ndinakonza m'minibasi, koma anakweza dzanja.

"A Jobu anabwera kuchipatala kawiri. Kachitatu anabwera amalume awo kudzanena kuti banja lawo silingalandire mkazi yemwe dziko lonse lamuona ali maliseche. Mwana wanga ali Sitandade 3. Anzake amamuuza kuti amayi ako ndi aja a pakanema. Sabata yatha bambo wina anabweretsa thalauza kuti ndimupindire, anandiyang'ana n'kuseka, akuti, ndiwe uja wolanda amuna, unasiya?"

"Koma khoti linanena kuti munalibe mlandu," ndinatero.

"M'khotimo munali anthu angati? Makumi atatu? Kanema uja anaonera anthu angati?"

Anabweza nsalu pansi pa singano, anaiwongola bwinobwino.

"Mwabwera kuti ndikukhululukireni, mukagone tulo. Ine ndikufuna china. Mukalembe. Zonse, osadumpha ya foni ya Lachisanu ija. Muike dzina lanu lenileni ndi langa, komwe anthu amawerenga. Ikatuluka mubwere nayo tsiku la msika, muime pakhonde pano, muwerenge mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mwana wanga adzakhala apa."

"Ndikatero mudzandikhululukira?"

"Sindinatero ayi," anayankha, n'kuyambanso kupalasa makina.

9

Owerenga anzanga, si inu nonse mungachite zomwe ndinachita ine, ndipo sindikufuna kugawana nanu mlandu wanga. Ndi wanga ndekha. Koma ambiri a inu muli m'magulu ngati lathu lija, ndipo mukudziwa m'mene zimakomera kulemba dzina pamndandanda anzanu akuwomba m'manja. Amayi makumi awiri ndi mmodzi aja sanali zigawenga. Anali anthu opita kutchalitchi, olera ana, ena opwetekedwa ndi amuna awo ngati ine. Panalibe mmodzi yemwe anafunsa kuti chithunzichi wajambula ndani, ndipo akufuna chiyani. Tinalephera kukhala pambali pa bedi la mnzathu wothyoka nthiti, koma kokamenya mlendo tinafika nthawi isanakwane. Musanasunge pangano, muziyamba mwaona kuti mwapangana chiyani.

Chomwe ndikupempha ndi chimodzi. Ngati m'foni mwanu muli kanema wa mtsikana wa bulauzi yong'ambika akumenyedwa m'shopu ya nsalu, dziwani kuti dzina lake ndi Eveless, ndipo sanalandepo mwamuna wa munthu. Anangopereka katundu, monga ankanenera. Wolanda mwamuna ndi mayi wa magalasi a dzuwa yemwe akutola ndodo chakumapeto. Fufutani kanemayo, ndipo yemwe anakutumizirani mumutumizire nkhani ino.

Magazini ino ikatuluka ndigula imodzi n'kukwera minibasi. Ndikudziwa kuti pamsika pali miyala yambiri, ndipo abale a Eveless sanaiwale nkhope yanga. Ndiwerengabe mpaka pomaliza. Ndidzaima kudzanja lake lamanja, chifukwa khutu lomwe limamva ndi limenelo.